Madzi a m'dambo ndi dothi lakuda

Dambo ndi malo otsika pamene madzi amakhalitsa. M'dzinja pamakhala lowe. M'cilimwe, kumtunda kukauma gwa, m'dambo mumakhalabe cinyezi. N'cifukwa cake anthu a ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Lago amatsegula madimba m'menemo. Amadzala mbatatesi, kabici, matimati, nyemba ndi cimanga.

Dothi la m'dambo limakhala lakuda ndiponso lanthaka. Kuda kumeneku kumacokera ku cinthu cina dzina lake kaboni. Amene amasunga kaboniyo m'dothi ndi madzi. Madzi akakwera kapena akatsika, kaboni nayenso amasintha.

Kaboni ndi ciyani?

Makala mumawadziwa. Gawo lalikulu la makala ndi kaboni. Pa Cipwitikizi amati carbono. Kaboni ali m'mtengo, m'udzu, m'cimanga, ngakhale m'thupi mwathu.

Zomera zimatenga kaboni mumpweya kudzera m'masamba. Zimamugwiritsa nchito pomanga mizu, mapesi ndi mbewu. Comera cikafa, cimagwera pansi n'kuyamba kuwola. Zowolazo zikasakanikirana ndi dothi, dothi limada. Pafupifupi theka la zowola zimenezi ndi kaboni.

Conco dothi lakuda ndi nkhokwe. Limasunga cakudya ca mbewu, ndipo limagwira madzi monga cimacitira cinkhupule.

Nanga amene amawoletsa ndani? Ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'dothi, tosaoneka ndi maso. Tambiri mwa ito timapuma monga ife. Timafuna mpweya wa okosijeni. Tikaupeza timadya zowola mofulumira, ndipo kaboni amabwerera kumwamba ngati mpweya.

Madzi akakwera

Mvula kuno imayamba ca m'Novembro ndipo imatha ca m'Abril. Pa nyengo imeneyi madzi amadzaza timipata tonse ta m'dothi la m'dambo. Mpweya umasowa polowera. Pakangopita masiku ocepa, okosijeni amatha m'matopemo.

Tizilombo tija timafooka. Bango, tsekera ndi mizu yakufa zimawola pang'onopang'ono. Zotsala za caka cino zimaunjikana pamwamba pa zotsala za caka catha. Nkhokwe ija imakula.

Koma si kuti m'matope zonse zimaima. Muli tizilombo tina timene timakhala popanda okosijeni. Ito timatulutsa mpweya umene akatswiri amati metano. Mukatosa ndodo m'matope a m'dambo n'kuona thovu likutumphuka, wambiri mwa mpweya umenewo ndi metano. Metano amatenthetsa dziko kwambiri: pa zaka 100, kilo imodzi ya metano imatenthetsa pafupifupi ngati makilo 28 a mpweya wa kaboni. Dambo lodzaza madzi limatayako kaboni motere, koma kutaya kwake kumayenda pang'onopang'ono kuyerekeza ndi kwa dothi loumitsidwa.

Madzi akatsika

Mvula ikatha, madzi amayamba kutsika. Amene ali ndi citsime m'dimba amaona yekha: cingwe cimene cinkakwana mu Maio cimaperewera pofika mu Outubro. Madzi akamatsika, mpweya umalowa m'malo amene asiya. Dothi likang'aluka, umalowa mpaka pansi.

Apa tizilombo topuma tija timadzuka. Kunja kwatentha, cinyezi cikadalipo, cakudya ndi cambiri. Timadya zowola zimene madzi ankabisa. Kaboni amacoka m'dothi n'kupita mumpweya.

Zimenezi zili ndi ubwino wake. Zowola zikamadyedwa, cakudya ca mbewu cimamasuka. N'cifukwa cake ndiwo za m'dimba zimabiriwira ngakhale mlimi sanathire feteleza wambiri. Koma tidziwe kuti nthawi imeneyo tikutapa m'nkhokwe. Mvula yoyamba ikanyowetsa dothi louma, tizilombo timadyanso mwamphamvu kwa masiku angapo, madzi asanatsekenso timipata.

Conco dambo limalandira m'dzinja, n'kupereka m'cilimwe. Zimene likulandira zikaposa zimene likupereka, dothi lakuda limakula. Likamakhala louma miyezi yambiri caka ndi caka, dothi lakuda limatha. Kutha kwake n'kofulumira kuposa kupangika kwake. Zimene zinaunjikana kwa mibadwo zikhoza kucepa kwambiri pa moyo wa munthu mmodzi.

Kumbani muone

Mukhoza kuwerenga nkhaniyi m'dothi lenilenilo. Pokumba citsime m'dambo, yang'anani khoma lake.

Pamwamba pali dothi lakuda. Umu ndi mmene muli kaboni wambiri. M'munsi mwake nthawi zambiri mumaona dothi lotuwa lokhala ndi mawanga ofiira ngati dzimbiri. Ndi dzimbiri ndithu, cifukwa m'dothi muli citsulo. Mawangawo akusonyeza pamene madzi amakwera ndi kutsika, pamene mpweya umafika nthawi zina. Pansi penipeni dothi ndi lotuwa lokhalokha. Pamenepo madzi sacoka.

Ngati dothi lakuda la m'dimba mwanu likuyera ndiponso likupyapyala, nkhokwe ikutha.

Malo awiri otiphunzitsa

Nyanja ya Chilwa, imene pa mapu a kuno amalemba Chirua, ili m'malire a Mozambique ndi Malawi, pafupi ndi boma la Mecanhelas. Ndi yosaya, ndipo palibe mtsinje wotulukamo. Madzi ake amafutukuka m'dzinja n'kubwerera m'cilimwe. Zaka zina imaphwa kwambiri, monga zinacitikira mu 1968 ndi mu 1995. Ikaphwa, matope amene anali pansi pa madzi amakhala padzuwa, ndipo zowola zimadyedwa msanga. Madzi akabwerera, zomera za m'mphepete zimaphukanso n'kuyamba kubwezera. Apa tikuona kuti kuuma pakokha sikupha dambo, bola madzi abwerere.

Ku Marromeu, m'cigawo ca Sofala, nkhani ndi ina. Kale mtsinje wa Zambezi unkasefukira caka ndi caka, n'kunyowetsa cigwa cacikulu ca udzu mmene mumadya njati. Damu la Cahora Bassa, ku Songo, linatsekedwa mu 1974. Limatipatsa magetsi, komanso linasintha mayendedwe a madzi. Kusefukira kwa caka ndi caka kunacepa. Cigwaco cinayamba kuuma nthawi yaitali, ndipo moto unayamba kufika m'malo amene kale ankakhala onyowa.

Maiko anagwirizana zosamalira malo a madzi mu 1971, mumzinda wa Ramsar ku Iran. Marromeu analowa m'kaundula wa mgwirizano umenewu mu 2004, ndipo nyanja ya Niassa inalowa mu 2011. Koma dambo laling'ono la kumudzi silili m'kaundula ameneyu. Olisamalira ndi inu ndi mfumu yanu.

Zimene zimakhuthula nkhokwe

Coyamba ndi ngalande zakuya. Mlimi amakumba kuti adzale msanga, koma ngalandeyo imapitiriza kukoka madzi mpaka m'cilimwe.

Caciwiri ndi moto. Udzu umene ukanawola n'kukhala dothi lakuda umasanduka utsi pa tsiku limodzi. Dothi likauma kwambiri, nalonso limapsa pamwamba.

Cacitatu ndi zigwembe. Ng'ombe zikamadutsa njira imodzimodzi, kapena mitengo ya kumtunda ikadulidwa, madzi amathamanga n'kukumba pakati pa dambo. Cigwembe cimakhala ngati ngalande yaikulu imene palibe anaifuna.

Cacinayi ndi kulima dambo lonse mpaka pakati, osasiya udzu.

Zimene tingacite

Palibe akunena kuti tisiye madimba. Dimba ndi limene limatidyetsa njala ikafika, ndipo ndi limene limagula makope a ana. Nkhani ndi yakuti tilime mosathamangitsa madzi.

Limani m'mbali mwa dambo. Pakati pamene pamadutsa madzi pasiyeni ndi udzu ndi bango. M'malo mokumba ngalande yakuya, kwezani mizere kapena nthumbira kuti mizu ikhale pamwamba pa madzi. Ngati ngalande ilipo kale, itsekeni ndi dothi kapena miyala mvula ikangotha. Udzu ndi mapesi musatenthe. Kwirirani m'mizere, kapena phimbirani nazo dothi. Thirani manyowa a m'khola kuti mubwezere zimene mbewu zatenga. Cigwembe cikangoyamba, dzalani udzu kapena bango m'menemo cisanakule. Musadzale bulugamu pafupi ndi kasupe, cifukwa amamwa madzi ambiri.

Madzi a m'dambo sadziwa malire a munda. Wakumtunda akakumba mozama, citsime ca mnzake wapafupi cimatsika. Conco nkhaniyi ndi yoyenera kukamba pabwalo, eni madimba onse ali pomwepo, nyengo yokumba isanafike.

Mawu atsopano

Kaboni: cinthu cimene cili m'makala, m'zomera ndi m'dothi lakuda.
Okosijeni: mpweya umene anthu, nyama ndi tizilombo tambiri timapuma.
Metano: mpweya wotuluka m'matope a pansi pa madzi.

Kambiranani

1. Kodi madzi a m'citsime ca kwanu amatsika kwambiri mwezi uti?
2. Funsani akuluakulu: kodi dambo lanu linkauma mwezi uti kale? Nanga masiku ano?
3. Ndi ciyani cimene eni madimba kwanu angagwirizane caka cino kuti madzi azikhalitsa?