Kavalo wa ku Finland: Kuchoka ku Munda Kufika ku Masewera

Dziko lozizira

Finland ndi dziko la kumpoto kwa Ulaya. Likulu lake ndi Helsinki. Ndi dziko la nkhalango ndi nyanja zambiri. M'nyengo yozizira madzi a m'nyanja amaundana, ndipo chipale chofewa chimakwirira minda ndi misewu kwa miyezi ingapo.

Kavalo pa ntchito

Anthu a ku Finland ali ndi mtundu wawowawo wa kavalo. Si wamtali kwambiri, koma ndi wojintcha, wamphamvu ndi wofatsa. Ambiri ndi ofiirira. Mu 1907 boma linatsegula kaundula wa mtunduwu. Kavalo woyenera kubereketsa ankalembedwamo pamodzi ndi makolo ake.

Kale mlimi wa ku Finland ankadalira kavalo monga mmene mlimi wa kwathu amadalirira ng'ombe zapangolo. Nyengo yolima ikafika, kavalo ankakoka pulawo. Kukazizira, mwini wake ankapita naye kunkhalango kukakoka mitengo yodulidwa pa chipale. Lamulungu ankanyamula banja lonse kupita kutchalitchi.

Nthawi ya nkhondo

Kuyambira 1939 mpaka 1944 Finland inamenyana kawiri ndi Soviet Union. Boma linatenga akavalo m'mafamu kupita nawo kunkhondo. Ankakoka mizinga, zakudya ndi asilikali ovulala m'malo amene galimoto sikanatha kudutsa. Akavalo zikwizikwi anafera komweko. Otsala anabwezedwa kwa eni ake nkhondo itatha.

Thalakitala ifika

Mu 1950 m'dzikomo munali akavalo oposa 400,000. Kenako kunabwera mathalakitala ndi magalimoto. Achinyamata ambiri anasiya midzi kukafuna ntchito m'tauni. Kavalo anasanduka chinthu chongodya msipu popanda ntchito, ndipo ambiri anaphedwa. Pofika 1987 akavalo a mtundu wa ku Finland anatsala pafupifupi 14,000 okha. Zimamvetsa chisoni kuti chiweto chimene chinalima minda ndi kusenza dziko pa nkhondo chinangotsala pang'ono kutha m'zaka zosakwana 40.

Ntchito yatsopano

Chimene chinapulumutsa kavaloyu ndi masewera. Bungwe la okwera pa akavalo, Suomen Ratsastajainliitto, linalipo kale kuyambira 1920. Masiku amenewo okwera ambiri anali asilikali ndi anthu opeza bwino a m'tauni. Mu 1971 kaundula uja anagawidwa panayi: akavalo a ntchito, a mpikisano wokoka kangolo, okwerapo, ndi ang'onoang'ono. Apa oweta anayamba kusankha akavalo oyenera chishalo. Lero kaundulayu amasungidwa ndi bungwe la Suomen Hippos.

Sukulu zophunzitsa kukwera pa kavalo zinachuluka. Amene anadzaza sukuluzi ndi atsikana ndi amayi. Mpaka pano iwo ndiwo ambiri mwa okwera. Ulemu wosunga kavalo pa chishalo uyenera kupita kwa iwowa.

Madzulo kukhola

Wophunzira safunika kukhala ndi kavalo wake. Amalipira phunziro, kawirikawiri la ola limodzi pa sabata, n'kukwera kavalo wa pasukulupo.

Taonani mtsikana amene waweruka kusukulu m'mwezi wa Januwale. Nthawi ili cha m'ma 4 koloko koma kunja kwada kale. Akulowa m'khola. Sakuyamba ndi kukwera ayi. Akuyamba wapesa kavalo ndi burashi kuchokera pakhosi mpaka kumchira. Akunyamula mwendo uliwonse n'kuchotsa dothi ndi timiyala m'ziboda. Akuika chishalo, akumanga lamba wa pamimba, n'kuvala chipewa cholimba choteteza mutu. Kunja kukazizira kwambiri, phunziro limachitikira m'chinyumba chachikulu chofolera, cha mchenga pansi. Mphunzitsi amaima pakati. Amauza ophunzira kuti awongole msana, atsitse zidendene, ndipo asakoke zingwe mwankhanza.

Phunziro likatha ntchito sinathe. Pali kuchotsa chishalo, kupukuta thukuta, kuwola ndowe ndi kuika udzu wouma. Atsikana ambiri amathandiza ntchitozi mwa kufuna kwawo. Ofuna kuti kusamala akavalo ikhale ntchito yawo amakaphunzira kukoleji ya akavalo ku Ypäjä.

Mfumu ndi mfumukazi

Chaka chilichonse kumachitika mpikisano wa Kuninkuusravit. Unayamba mu 1924 mumzinda wa Lahti, ndipo ndi wa akavalo a mtundu wa ku Finland okha. Kavalo amathamanga akukoka kangolo ka mateyala awiri. Amapikisana maulendo atatu: mamita 2,100, mamita 1,609 ndi mamita 3,100. Wamphongo wopambana amatchedwa mfumu, wamkazi amatchedwa mfumukazi. Kavalo wina dzina lake Viesker anakhala mfumu kasanu motsatizana, kuyambira 1996 mpaka 2000.

Pa okwera pachishalo, dzina lodziwika kunja ndi la Kyra Kyrklund. Mayiyu anapikisana pa masewera a Olimpiki kasanu ndi kamodzi. Luso lake ndi loyendetsa ndi kutembenuza kavalo mwa dongosolo popanda kutulutsa mawu. Mu 1991 anapambana chikho cha dziko lonse lapansi ali pa kavalo wotchedwa Matador.

Akavalo a ndodo

Kusunga kavalo n'kodula, ndipo maphunziro nawo safika kwa aliyense. Atsikana ena amasoka mutu wa kavalo ndi nsalu, n'kuumangirira ku ndodo. Amathamanga nawo ndi kulumpha zotchinga. Ena amawaseka, koma kulumphako kumafuna mphamvu ndi kuyeserera kwenikweni. Ali ndi mpikisano wawo wa dziko lonse la Finland, umene wakhala ukuchitikira ku Seinäjoki. Mu 2017 Selma Vilhunen anatulutsa filimu yonena za iwo.

Lero

Mu 2007, kaundula uja atakwanitsa zaka 100, kavalo wa ku Finland analengezedwa kukhala kavalo wa fuko. Tsopano alipo pafupifupi 20,000. Ambiri mwa iwo ndi a mpikisano ndi okwerapo, ndipo okoka pulawo ndi mitengo atsala ochepa kwambiri.