Nkhalango za ku Mzimba ndi Phunziro la ku Virunga

Munthu wochoka ku Jenda kuloŵera kumpoto pa mseu wa M1 amakwera mapiri a Viphya, kumene mphepo imazizira ngakhale m'nyengo yotentha. Kumeneko, m'boma la Mzimba, kuli nkhalango ziŵiri zosiyana mbiri. Ina ndi ya Perekezi, ya mitengo yachilengedwe monga mombo ndi msuku. Ina ndi ya Viphya, ya paini wodzalidwa ndi manja a anthu.

Angoni a Inkosi M'mbelwa adakhazikika m'dera lino m'zaka za m'ma 1850, ndipo dziko lawo lidaloŵa mu ulamuliro wa Angerezi m'chaka cha 1904. Boma la atsamunda lidadula malire a nkhalango ya Perekezi m'zaka za m'ma 1930. Cholinga chachikulu chidali kuteteza magwero a madzi, pakuti mtsinje wa Mzimba, umene anthu a pa boma amamwa madzi ake, umatsika kuchokera m'mapiri omwewo. Koma anthu a m'midzi yoyandikana nayo, amene ankazula bowa, kufula uchi ndi kutola nkhuni m'menemo kuyambira kale, adayamba kuloŵamo ngati alendo opempha chilolezo.

Nkhalango ya paini idakula kwambiri kuyambira m'chaka cha 1964, mpaka idafika mahekitala pafupifupi 53,000. Boma lidafuna kumanga fakitale yopanga zipangizo za mapepala ku Chintheche, m'mphepete mwa nyanja, koma fakitaleyo sidamangidwe. Mitengo idakhwima popanda ntchito imene adaidzalira. M'chaka cha 1999 kampani ya Raiply idapatsidwa gawo lina la nkhalangoyo ku Chikangawa, ndipo m'zaka zotsatira ocheka matabwa adachuluka, moto wolusa nkumapsereza malo aakulu chaka ndi chaka. Kum'mwera kwa nkhalangoyi, pafupi ndi damu la Luwawa, kudatsegulidwa malo ogona alendo, kumene anthu ochokera kunja amaŵedza nsomba, kupalasa njinga m'mapiri, ndi kuyenda pansi masiku angapo mpaka kukafika ku nyanja.

Kuti munthu amvetse chimene alendo otere angachite posunga nkhalango, ayenera kuyang'ana ku mapiri a Virunga, pamalire a Rwanda, Uganda ndi Congo. Kumeneko kumakhala anyani akuluakulu a m'mapiri otchedwa gorila. M'chaka cha 1967 mayi wina wa ku America, Dian Fossey, adamanga msasa wa Karisoke ku Rwanda kuti aphunzire moyo wa nyamazi. Pa nthaŵi yomweyo boma la dzikolo lidadula gawo lalikulu la nkhalango kuti alimi adzalemo mbewu ya pyrethrum, ndipo misampha ya alenje inkapha ndi kulumaza anyani ambiri. Kalembera wa m'chaka cha 1981 adapeza kuti m'mapiri onse a Virunga mudatsala anyani pafupifupi 250 okha. Fossey adalimbana ndi alenje mwaukali, ndipo adaphedwa mumsasa wake mu Disembala 1985.

Njira ina idabwera ndi Bill Weber ndi Amy Vedder, amene poyamba adagwira ntchito mongodzipereka ku Zaire pansi pa bungwe la Peace Corps. Iwo adaona kuti mlimi wosoŵa munda sangalemekeze nkhalango imene simpatsa kanthu. M'chaka cha 1979 adathandiza kuyambitsa ntchito yozoloŵeza magulu ena a anyaniwo kuona anthu, kuti alendo azilipira ndalama pokaŵaona. Kuyambira m'chaka cha 2005 boma la Rwanda lidayamba kupereka magawo 5 mwa magawo 100 alionse a ndalama zimenezi ku midzi yozungulira nkhalango, ndipo m'chaka cha 2017 lidakweza magawowo kufika 10, pamene chilolezo cha mlendo mmodzi chidafika madola 1,500. Pofika 2018 chiŵerengero cha anyaniŵa pa dziko lonse chidapitirira 1,000.

Ku Malaŵi nakonso anthu ogwira ntchito mongodzipereka si achilendo. A Peace Corps adafika m'chaka cha 1963, ndipo a ku Japan adatsatira mu 1971. Ambiri adali aphunzitsi ndi azaumoyo, koma pambuyo pake ena adakhala m'midzi yoyandikana ndi nkhalango, kuphunzitsa za nazale za mitengo ndi ulimi wa njuchi. Lamulo la nkhalango la m'chaka cha 1997 lidatsegula khomo loti midzi iziyang'anira nkhalango mogwirizana ndi boma, ndipo pakati pa 2014 ndi 2019 ntchito ya PERFORM, yolipiridwa ndi dziko la America, idasankha Perekezi kukhala imodzi mwa nkhalango zitatu zogwiramo ntchito.

Komabe ku Mzimba kulibe nyama imene mlendo angailipirire madola 1,500. Chuma cha Perekezi ndi madzi, bowa, uchi ndi masuku, ndipo mdani wake ndi thumba la makala, limene limabweretsa ndalama tsiku lomwelo. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo ku Virunga mawuŵa adapherezera. Koma adatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anyani a ku Rwanda adapulumuka chifukwa alonda a m'dziko momwemo adapitiriza kuŵalondera ngakhale pa nkhondo ya m'zaka za m'ma 1990, alendo onse atathaŵa. Chimodzimodzinso ku Perekezi ndi ku Luwawa: mtengo udzaima ngati mayi wogulitsa bowa pa mseu wa M1 ndi mfumu ya mudzi wake aona kuti mtengowo uli ndi phindu kwa iwo ukadali chiimire.