Chikole

Munthu akafuna nyumba yokhala kale ndi mipando, yoti akhalemo sabata imodzi kapena mwezi ku Area 47 mu Lilongwe kapena ku Namiwawa mu Blantyre, mwini nyumba amatchula ndalama ziwiri. Yoyamba ndi lendi. Yachiwiri ambiri m'tauni amati dipoziti, koma dzina lake lakale ndi chikole.

Mawuwa ndi apachibale ndi mneni woti kukola, monga mmene msampha umakolera mbewa. Chikole ndi chinthu chimene chagwidwa kuti mwiniwake asathawe pangano. Wokongola ndalama za katapila amasiya njinga kapena foni. Mnyamata wofunsira mbeta ankapereka mpango kapena mkanda, ndipo mtsikana akalandira, anyamata ena ankadziwa kuti pamenepo pali mwini.

Pa nkhani ya nyumba, lendi ikapita yapita, poti ndi mtengo wa masiku amene mwagonamo. Chikole chidakali chanu ngakhale chili m'manja mwa alandilodi, ndipo chiyenera kubwerera tsiku lobweza makiyi, atachotsapo mtengo wa galasi losweka kapena bilu ya madzi imene mwasiya. Mikangano imabukira pomwepa, chifukwa alipo eni nyumba amene amachiona ngati lendi yowonjezera, n'kuyamba kuloza mng'alu umene munaupeza ulipo kale. N'chifukwa chake ochenjera amajambula zipinda zonse pa foni tsiku lolowa, n'kusunganso uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza ndalama imene anatumiza.