TANZANIA: Kodi kondomu imafunikabe mayi akamamwa mapiritsi olera?

DAR ES SALAAM - Mapiritsi olera amaletsa dzira la mayi kukhwima, motero amateteza ku pathupi pokha. Sateteza ku kachilombo ka HIV, chindoko kapena chinzonono. N'chifukwa chake akatswiri a zaumoyo amalangiza kugwiritsa ntchito mapiritsi ndi kondomu pamodzi, pokhapokha ngati awiriwo anayezetsa, alibe matenda ndipo ndi okhulupirika kwa wina ndi mnzake.

Ku Tanzania ntchito ya kulera inayamba Edzi isanadziwike. Bungwe la UMATI, lomwe likulu lake lili ku Dar es Salaam, linakhazikitsidwa mu 1959, pamene odwala Edzi oyamba anapezeka mu 1983 m'chigawo cha Kagera. Kafukufuku wa 2003-2004 anapeza kuti anthu 7 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 m'dzikolo anali ndi kachilomboka.

Ngakhale popewa pathupi kondomu imathandiza. Pa amayi 100 alionse omwa mapiritsi, pafupifupi 7 amatenga pathupi m'chaka choyamba, makamaka chifukwa choiwala kumwa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mayi amene waphonya mapiritsi atatu kapena kuposerapo agwiritse ntchito kondomu kwa masiku 7.

Mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa rifampicin amachepetsanso mphamvu ya mapiritsiwa, choncho mayi amene akuwamwa ayenera kudziwitsa achipatala.