Kodi dziko lingadule msonkho ndege yongodutsa mumlengalenga mwake?

Malamulo oyendetsera ndege pakati pa maiko amachokera ku pangano la Chicago lomwe linasainidwa pa 7 December 1944. Panganoli ndilo linabala bungwe la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal, ndipo dziko lino ndi membala wake kuyambira m'chaka cha 1964.

Gawo 1 la panganoli limati dziko lililonse ndi mwini wa mlengalenga mwake. Komabe gawo 15 limaletsa boma kulipiritsa ndege ya dziko lina kaamba kongodutsa, kulowa kapena kutuluka basi. Chomwe chimaloledwa ndi kulipiritsa ntchito yeniyeni imene boma lagwira, monga kulondolera ndege pa wailesi, zida zounikira njira ndi uthenga wa zanyengo. Mitengo yake iyenera kulengezedwa poyera ndi kutumizidwa ku ICAO, ndipo ndege zachilendo zisalipire koposa ndege za dzikolo zogwira ntchito yofanana. Ndondomeko za ICAO zimati mitengoyi iziyendera ndalama zomwe ntchitoyo yadya, choncho sinjira yoti boma lidzazire thumba lake. Ku Ulaya, bungwe la Eurocontrol limawerengera ndalamazi potengera mtunda womwe ndege yauluka ndi kulemera kwake.

Vuto lili pa chilolezo. Gawo 6 limati ndege za maulendo okhazikika sizingadutse popanda chilolezo cha mwini dziko, pokhapokha ngati dzikolo linavomereza pangano lina la 1944 lopereka ufulu wodutsa. Dziko la Russia silinalowe m'panganoli, ndipo kwa zaka zambiri makampani a ku Ulaya ankalipira kampani ya Aeroflot kuti adutse pamwamba pa Siberia popita ku Japan, China ndi South Korea. Bungwe la European Union linkati ndalamazi zikuphwanya gawo 15. Mu 2006 mbali ziwirizi zinagwirizana kuti malipirowa athe pofika kumapeto kwa 2013, koma mgwirizanowu sunatsatidwe mokwanira. Mu 2022 mbali zonse zinatsekerana mlengalenga chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine.

Nayo European Union inadzudzulidwa mu 2012 italamula ndege zonse zotera kapena kunyamuka m'maiko ake kugula ziphaso za mpweya woipa pa ulendo wonse. Khothi lake linagamula mu 2011 kuti umenewu simsonkho, koma maiko a United States, China ndi India atakana, lamuloli linangotsalira maulendo a m'kati mwa Ulaya.