Nyanja Imene Sinafike ku Thyolo

Munthu wolima m'minda ya tiyi ku Thyolo akatembenuza nthaka amapeza katondo wofiira, mizu ndi timiyala. Chigoba cha nkhono ya m'nyanja ya mchere sachipeza, ngakhale akumbe dzenje lakuya chotani. Kusoŵa kwa chigobacho kuli ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo ndiyo inachititsa kuti tiyi ayanjane ndi boma limeneli.

Pali nkhono ina ya zigoba ziŵiri imene Angerezi amaitcha oyster. Imakhala m'madzi osaya, m'mbali mwa nyanja ya mchere ndi kumathiriro a mitsinje, ndipo ikadziphatika pamwala sichokaponso mpaka kufa. Choncho akatswiri akapeza zigoba zake zitaunjikana m'thanthwe, amadziŵa kuti pamalopo kale panali gombe. Zaka 500 zapitazo Leonardo da Vinci wa ku Italy anatsutsa ganizo lakuti zigoba zopezeka m'mapiri zinapita kumeneko ndi chigumula. Iye anaona kuti nkhonozo zinakulira ndi kufera pomwepo.

Kuti munthu wa ku Thyolo aone gombe lakale lotere, ayenera kulondola njira imene tiyi ankadzera popita kunja. Mbewuyi inayamba kubzalidwa m'bomali cha m'ma 1908, chaka chimene njanji yodzera pa Luchenza inafika ku Blantyre. Mlatho wa pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, mabokosi a tiyi ankayenda pa sitima mpaka kudoko la Beira osatsitsidwa panjira. Ikawoloka mtsinjewo, sitima inkadutsa pamtunda wa Cheringoma, kudzera ku Inhaminga ndi ku Muanza. Mtunda umenewo kale unali pansi pa nyanja.

Zaka zoposa 150 miliyoni zapitazo, Africa ndi Antarctica anali dziko limodzi. Dzikolo litang'ambika, madzi amchere analoŵa pamng'alupo, nayamba kumiza zigwa za dera limene lero ndi Sofala ku Mozambique. Nyanjayo inkabwera ndi kubwerera kambirimbiri, nisiya mchenga wodzaza ndi zigoba za oyster ndi za nkhono zina. Pambuyo pake inayala miyala ya njereza, yopangidwa ndi tizigoba tosaŵerengeka. Miyala yotereyi, yokumbidwa ku Muanza, ndiyo inasanduka chuma cha fakitale ya simenti ya ku Dondo. Ku Gorongosa nakonso, kuyambira mu 2016, akatswiri afukula mano a shaki ndi zigoba za nkhono pamodzi ndi mafupa a nyama zapamtunda, umboni wakuti pamenepo nkhalango inkakumana ndi nyanja.

Koma madziwo sanakwere mpaka kumapiri a ku Thyolo. Matanthwe a kumeneko ndi akale koposa, a zaka zoposa 500 miliyoni, ndipo anaphikidwa ndi kutentha ndi kupanikizika pansi penipeni pa dziko, kotero kuti chigoba sichikanatsalamo. Ngakhale ku Karonga, mafupa a chinyama chotchedwa Malawisaurus, amene Frank Dixey anasonkhanitsa m'zaka za m'ma 1920, anagona mumchenga wa mitsinje, osati wa nyanja ya mchere.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya tiyi. Mbewuyi imafuna mvula yambiri ndi dothi lakuya lokhala ndi asidi, ndipo pa dothi la njereza masamba ake amachita chikasu, mtengo nufooka. Mvula ya zaka zikwizikwi inafumbutsa matanthwe a ku Thyolo, nitsuka mchere wa m'nthaka, nisiya katondo amene tiyi amamukonda. Nyanja ija ikanayala njereza yake m'mapiri amenewa monga inachitira ku Cheringoma, minda ngati ya Satemwa, imene inatsegulidwa mu 1923, ikanalimidwa mbewu zina, ndipo mabanja ambirimbiri amene amadya za m'dengu la tiyi akanafuna moyo kwina.

Mlimi wa tiyi, wa esiteti kapena wa munda waung'ono, azikumbukira zimenezi asanathire laimu m'munda mwake mopanda uphungu wa alangizi. Chimene nyanja inamana Thyolo ndicho chimene chikudyetsa Thyolo.