Bokosi la Altair ndi Mkangano wa Tepi ya Pepala

Mu Januwale 1975, magazini ya ku America yotchedwa Popular Electronics inatuluka ndi chithunzi cha bokosi lachitsulo pachikuto. Dzina lake linali Altair 8800. Linalibe kiyibodi kapena sikirini. Kumaso kwake kunali timaswichi ndi timagetsi tofiira basi. Mwini wake anali Ed Roberts wa kampani yaing'ono ya MITS ku Albuquerque, m'chigawo cha New Mexico, munthu amene ngongole zinali zitamufika m'khosi malonda ake a makalikyuleta atagwa. Ukalipira madola 397, ankakutumizira zipangizo m'katoni, ndipo kulumikiza ndi kuwotcherera inali ntchito yako. Ukamaliza, makinawo ankasunga zilembo 256 zokha, zosakwana ma SMS awiri odzaza.

Roberts ankayembekezera kugulitsa mazana ochepa, koma maoda anafika masauzande. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Nthawi imeneyo kompyuta inali ya boma, ya banki kapena ya yunivesite, yotsekeredwa m'chipinda chozizira. Wofuna kuigwiritsa ntchito ankapereka makadi obowola kwa woyang'anira n'kudikira yankho, mwina mpaka mawa. Anthu anali ndi njala yongoikhudza ndi manja awo.

Madzulo a pa 5 Malichi 1975, anthu 32 anasonkhana m'galaja ya Gordon French ku Menlo Park, ku California, kudzaona Altair imodzi. Anawaitana ndi French ndi mnzake Fred Moore, yemwe ankadziwika polimbana ndi nkhondo ya ku Vietnam ndipo ankakhulupirira kuti nzeru n'zogawana. Apa mpamene panabadwira Homebrew Computer Club. Gululo litakula linasamukira muholo ya Stanford Linear Accelerator Center, ndipo Lee Felsenstein ndiye ankatsogolera zokambirana. Munthu ankaimirira n'kunena chimene chamukanika, wina n'kukweza dzanja kuti anachithetsa kale, kenako awiriwo n'kukakumana pakona.

Ine ndakulira pabenchi yokonzera mawailesi ndi mafoni, ndipo ndikawerenga za misonkhano imeneyi mtima umandigunda. Luso la manja limalowa poonerera mnzako akugwira, ndi pomufunsa mopanda manyazi. Nkhani ya Steve Dompier ndimaikonda koposa. Iye anazindikira kuti Altair ikamawerengera, wailesi yomwe ili pafupi imalira mosinthasintha. Anapenda kulira kulikonse mpaka anakonza pulogalamu yoimba nyimbo. Tsiku lokaonetsa anzake anailowetsa pamanja, swichi ndi swichi, ndiye wina anapunthwa pa waya wa magetsi, zonse n'kufufutika. Anayambiranso. Wailesi itayamba kuimba, chipinda chonse chinaimirira ndi kuwomba m'manja. Bokosi lopanda pakamwa linali litachita chinthu chimene ngakhale olipanga sanachiganizire.

Koma kugawana kunakumana ndi malonda chaka chomwecho chisanathe. Anyamata awiri, Bill Gates ndi Paul Allen, anali atalembera Altair chinenero cha BASIC, kuti munthu azilamula makinawo ndi mawu m'malo mwa maswichi. Anachilemba alibe Altair n'komwe, pogwiritsa ntchito kompyuta yaikulu ya ku Harvard, ndipo Allen anakwera ndege nacho kupita ku Albuquerque chili pa tepi ya pepala yobowolabowola. Chinagwira. Kampani yawo ya Microsoft inayambira pamenepo. Pakati pa 1975, pa chionetsero cha MITS ku Palo Alto, tepi imodzi inasowa. Inatulukira m'manja mwa Dan Sokol wa m'kalabu ija, amene anapanga makope ambirimbiri n'kukawagawa, lamulo lake n'lakuti wotenga imodzi adzabwere ndi ziwiri.

Mu Febuluwale 1976, Gates, ali ndi zaka 20, analemba kalata yopita kwa onse okonda makompyuta, ndipo inasindikizidwa m'kanyuzipepala ka kalabuyo. Anawauza mosabisa kuti ambiri mwa iwo akuba. Anati mwa eni Altair khumi alionse, amene analipira BASIC sakwana mmodzi, ndipo thukuta lake ndi la anzake likutuluka pa ndalama yosakwana madola 2 pa ola.

Sindingamunyoze mnyamatayo. Wagwira ntchito ayenera kudya, ndipo aliyense amene anakonzapo chinthu usiku wonse, mwini wake n'kungothokoza pakamwa, amadziwa kuwawa kwake. Komabe anthu aja anali ndi dandaulo lenileni. Poyamba BASIC payokha inali madola 500, kuposa kompyuta imene. Mtengo unkatsika kwambiri ukagula limodzi ndi mabodi a memory a MITS, koma mabodiwo ankachedwa kufika ndipo ambiri sankagwira bwino. Yankho labwino linachokera kwa Tom Pittman, amene analemba Tiny BASIC yake n'kuiika pa madola 5, ndipo anthu ambiri analipira mosakakamizidwa. Kumbali ina, kukopera kuja n'kumene kunafalitsa BASIC ya Gates ponseponse, moti makampani atayamba kupanga makompyuta awo anapita kukagula kwa iye, poti ndi imene anthu anali ataizolowera.

Pa msonkhano woyamba uja panali injiniya wamanyazi wa ku Hewlett-Packard, Steve Wozniak. Anabwerera kunyumba n'kuyamba kujambula kompyuta yake yolumikiza ku kiyibodi ndi ku TV, ndipo anasankha tchipi cha MOS 6502 chifukwa chinali cha madola 25 okha. Mapepala osonyeza kalumikizidwe kake ankawagawa ulere kukalabu. Mnzake Steve Jobs ndiye anaona kuti apa pali malonda. Kampani yawo ya Apple inakhazikitsidwa pa 1 Epulo 1976, Paul Terrell wa shopu ya Byte Shop anaitanitsa makina 50, ndipo kompyutayo, Apple I, inagulitsidwa pa madola 666.66. Ngakhale Apple II ya 1977 inabwera ndi buku lokhala ndi mapulani a mkati mwake, komanso mipata 8 yoti mwini wake alowetsemo mabodi ena. Kwa mmisiri, umenewo ndi ulemu waukulu, ndipo ndimausowa ndikamalimbana ndi foni yomatidwa ndi guluu yopanda pepala lililonse.

Chaka chomwecho cha 1977 kunabwera Commodore PET ndi TRS-80, zogula n'kungoyatsa. Roberts anagulitsa MITS, ndipo pambuyo pake anaphunzira udokotala n'kumachiza anthu m'tauni yaing'ono ya Cochran ku Georgia. Mamembala a kalabu anatsegula makampani awo, ndipo amene dzulo ankaimirira kufotokoza zonse tsopano anali ndi zinsinsi zoti asunge. IBM inatulutsa PC yake mu Ogasiti 1981, yoyendera DOS ya Microsoft, ndipo Homebrew Computer Club inakumana komaliza mu Disembala 1986.